Kalata yotseguka kwa oyendetsa nkhani za madzi mu Harare: tipatseni bwalo lokambirana

Kwa a Meya ndi makhansala a mzinda wa Harare, a Nduna oona za madzi, akuluakulu a ZINWA (bungwe la boma loyang'anira madzi) ndi a EMA (bungwe loona za chilengedwe), ndi inu a khonsolo yoyang'anira madzi a kumtunda kwa mtsinje wa Manyame,

Zikomo akuluakulu. Ndakuikani nonse pa kalata imodzi mwadala, chifukwa madzi amene timamwa, ndi amene timagona tisanawaone, amadutsa m'manja mwa nonsenu. Mukamayankhula pa wailesi kapena m'nyuzipepala, aliyense amaloza chala mnzake. A khonsolo ya mzinda amati boma silinamange madamu, a boma amati khonsolo yalephera ntchito, a ku tauni yoyandikana nafe ya Chitungwiza amati Harare ikuwamana madzi, a Harare amati Chitungwiza sikubweza ngongole. Mwina aliyense ali ndi mbali yake yoona. Koma mawu onsewa amatipeza tili pamzere ndi zigubu zopanda kanthu.

Ine ndine mayi wa ku Mabvuku, wobadwira konkuno. Bambo anga adachokera ku Dedza mzinda uno ukadali Salisbury, kudzagwira ntchito yophika m'nyumba za azungu, monga adachitira makolo a anthu ambiri a ku Tafara, Mufakose, Dzivarasekwa, Mbare ndi Epworth. Ndalemba m'Chichewa chifukwa malamulo aakulu a dziko lino la Zimbabwe a 2013, pa ndime 6, adachiika m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka. Malamulo omwewo, pa ndime 77, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza madzi aukhondo ndi abwino kumwa.

Sindikupempha kuti mawa m'mawa mipopi yonse ituluke madzi. Ndikudziwa kuti sizingatheke. Kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'chigawo cha Harare, pomwe madamu aakulu amene timadalira ndi akalekale aja: Chivero wa 1952 ndi Manyame wa 1976. Akatswiri a khonsolo eni ake akhala akunena kuti Harare ndi matauni oizungulira amafuna malita pafupifupi 1,200 miliyoni pa tsiku. Malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray, zonse zitakhala kuti zikuyenda bwino, angatulutse pafupifupi theka la mlingo umenewo, ndipo a Prince Edward, amene amatunga ku madamu aang'ono a Seke ndi Harava, amaima chilala chikakula. Pa madzi ochepawo, ambiri amatayika panjira m'mapaipi okalamba. Damu la Kunzvi, limene takhala tikulimva kuyambira tili atsikana, ntchito yake idayamba mu 2021, koma damu palokha si madzi a mumpopi: pafunika poyeretsera, mapampu ndi mapaipi ofika kuno.

Choncho kuchepa kwa madzi tikhala nako kwa zaka ndithu. Chimene chingasinthe chaka chino ndi kagawidwe ka madzi ochepawo, komanso kumene munthu angapite akaona kuti wamanidwa. Lero malo otero palibe, ndiye mikangano yonse imathera pamjigo.

Ndikufotokozereni za mjigo wa kwathu, poti ambiri mwa inu mumaona mijigo pa tsiku lodula kansalu lokha. Mzere umayamba kusanache. Amene ali ndi tulo tambiri amasiya chigubu madzulo, n'kuchipsinja ndi mwala kuti chimusungire malo. Pofika nthawi imene tambala akulira kachiwiri, pali atsikana a sukulu atafunda zitenje pamwamba pa yunifomu, amayi ali ndi ana kumsana, agogo ali ndi kabotolo ka malita asanu poti mphamvu zonyamulira ndowa adatsanzikana nazo. Kenaka amafika anyamata a mawilibala, aliyense ali ndi zigubu zoposa khumi, amene amatunga kuti akagulitse. Iwowa saima pamzere. Ena mwa iwo adadziika okha kukhala eni mjigo: wofuna kupita patsogolo apereke dola, wopanda dola adikire. Ndipo zimene atsikana ena amauzidwa kuti apereke m'malo mwa dola, akuluakulu, ndi zochititsa manyazi kuzilemba, koma zikuchitika, ndipo azimayi a dera lililonse akuzidziwa.

Tsiku lina amayi awiri adagwirana pakhosi pamaso panga. Wina ndi mwininyumba, winayo ndi wa lendi m'chipinda cha kuseri. Pampu itawonongeka, anthu adasonkha ndalama zogulira zitsulo, koma osonkhetsawo adangoyenda kwa eni nyumba. Mjigo utakonzedwa, mwininyumba uja adati, “Inu simunasonkhe, tungani pomaliza.” Wa lendi adayankha kuti, “Mayi, adabwera ndani pakhomo panga ine n'kumubweza?” Mawu adakula, ndowa idauluka, wina adatuluka magazi pamphuno, nkhani idakathera kupolisi. Apolisi angaweruze za khofi amene wina adamenyedwa. Sangaweruze kuti wa lendi ali ndi gawo lanji pamjigo, kapena kuti wogulitsa madzi atunge nthawi yanji. Amayi awiriwo amapemphera mpingo umodzi, ndipo adatha miyezi osapatsana moni.

Zitachitika zimenezo tidakhala pansi tokha, pansi pa mtengo pafupi ndi mjigowo. Tidasankha komiti ya anthu asanu ndi awiri, ambiri amayi, a lendi awiri momwemo. Tidagula kope. M'kopemo muli dzina la khomo lililonse, zimene lasonkha ndi zimene zagulidwa, ndipo aliyense ali ndi ufulu wolitsegula. Tidagwirizana kuti m'mawa ndi wa madzi a pakhomo, zigubu zinayi banja lililonse, ogulitsa azitunga masana. Okalamba, amayi oyembekezera ndi olumala saima pamzere. Pakagwa maliro, anamfedwa amatunga choyamba popanda wofunsa, chifukwa siwa yopanda madzi ndi chitonzo kwa mudzi wonse. Zimenezi sitidaziphunzire kumsonkhano wa m'hotela. Ndi mmene timayendetsera magulu athu othandizana pamaliro, amene makolo athu adayambitsa atangofika m'dziko lino opanda abale.

Ndewu zidachepa. Koma komiti yathu ilibe pepala lililonse lochokera kwa wina aliyense wa inu. Akabwera anyamata odzitcha kuti atumidwa ndi akuluakulu a ndale, n'kuthyola loko, ife timangoyang'ana. Kope lathu silingaime pamaso pa woweruza. Pempho langa loyamba ndi limeneli: makomiti a pamjigo avomerezedwe mwa lamulo la mzinda, asankhidwe poyera ndi anthu amene amatunga pamenepo, osati kulozedwa ndi khansala kapena wapampando wa chipani chilichonse, ndipo pakhale munthu wodziwika mu wadi iliyonse amene komiti ingapite kwa iye nkhani ikaikulira. A lendi akhale ndi mipando. Ndikunena izi motsindika chifukwa anthu a kwathu ambiri adakula ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, ndipo ngakhale malamulo a 2013 adatsegula njira ya unzika kwa obadwira kuno, chizolowezi chokhala chete pamsonkhano sichinathe. Mukalola kuti komiti ikhale ya eni nyumba okha, mwatsekera kunja amene amatunga kwambiri.

Chondiwawa n'chakuti nzeru imeneyi ili kale m'malamulo a dziko lino. Kale, pansi pa lamulo la 1976, woyamba kulembetsa madzi ndiye anali woyamba kumwa, ndipo ufulu wake unali wamuyaya. Oyamba kulembetsa anali eni mafamu aakulu, ndiye chilala chikafika alimi a kumudzi ankangoonerera mtsinje ukudutsa. Lamulo la madzi la 1998 lidathetsa zimenezo. Lidati madzi onse, a pamwamba ndi a pansi pa nthaka, ndi a dziko, amagwiritsidwa ntchito ndi chilolezo cha nthawi yoikika, ndipo madzi akumwa, ophikira ndi omwetsa ziweto za pakhomo safuna chilolezo. Lidagawa dziko motsatira mitsinje, osati malire a maboma: Manyame, Mazowe, Save, Runde, Mzingwane, Gwayi ndi Sanyati, uliwonse ndi khonsolo yake ya ogwiritsa ntchito madzi, ndi makhonsolo aang'ono pansi pake. Makhonsolo amenewa ndiwo amagawa madzi ndi kumva madandaulo, ndipo wosakhutira angapite kubwalo la Administrative Court. Ndi lamulo labwino. Koma amene adalilemba ankaganizira za alimi othirira, migodi ndi mafakitale. Mayi wa ku Budiriro amene moyo wake wonse uli pamjigo umodzi, ngakhale akumwa madzi a chigwa chomwecho cha Manyame, sadziwa n'komwe kuti khonsolo yotero ilipo, kapena kuti imakumana liti. Inu a khonsolo ya kumtunda kwa Manyame, patulani mipando ya makomiti a mijigo ya m'malokeshoni, ndipo misonkhano ina muzichitira m'maholo athu.

Muli ndi chifukwa chabwino chochitira zimenezi, poti mkangano waukulu umene ukubwera ndi wa madzi a pansi pa nthaka. Mpopi utauma, aliyense adatembenukira pansi. Wandalama amaitana makina n'kuboola mozama, wosauka amakumba chitsime kuseri kwa nyumba, mapazi ochepa kuchoka pachimbudzi. Galimoto zamathanki zimayenda usana ndi usiku kugulitsa madzi opopedwa m'madera okhala anthu, ndipo oyandikana ndi popopapo amadandaula kuti zitsime zawo zikuphwa. Madzi a pansiwo alibe mpanda. Wopopa kwambiri amamwa gawo la mnzake popanda kulumpha linga. Ndipo madambo amene amasunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe akumangidwapo nyumba, masitolo ndi matchalitchi. Dambo la Monavale lapulumuka kufika lero chifukwa anthu a kumeneko adaliimirira mpaka lidalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, limodzi ndi Cleveland Dam, Chivero ndi Manyame. Mu July 2025 dziko lino lidalandira msonkhano wa maiko onse wa zamadambo ku Victoria Falls. Ndikadakonda kuti mawu amene adayankhulidwa kumeneko aoneke pa zilolezo zomangira zimene zimasainidwa mu Harare. A EMA akati pano ndi padambo, pasapezeke ofesi ina yopereka puloti pomwepo. Ndipo chiwerengero cha mijigo yololedwa ndi mlingo umene ogulitsa madzi amapopa zikhale poyera, kuti woyandikana naye akhale ndi poyambira kudandaula.

Za kolera sindinena zambiri, poti pafupifupi banja lililonse kuno lili ndi manda ake. Mu 2008 ndi 2009 matendawa adagwira anthu oposa 98,000 m'dziko lino, n'kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro inali pakatikati pa mliriwo. Mu September 2018 adabukanso ku Glen View ndi Budiriro, ndipo mijigo ndi zitsime zina zidapezeka kuti zalowedwa ndi zonyansa za m'mapaipi a suweji ophulika. Mu 2023 adafika ku Kuwadzana. Mjigo ukatsekedwa chifukwa cha kolera popanda kufotokozera anthu kapena kuwapatsa kotunga kwina, amathyola loko usiku, chifukwa ludzu silidikira zotsatira za kulabu. Komiti yodalirika ikanatha kunyamula uthengawo, kuyang'anira klorini, ndi kumata pamjigo pomwepo pepala lonena tsiku limene madzi adapimidwa ndi zimene zidapezeka. Anthu amamvera mnansi amene amatunga naye limodzi kuposa chikwangwani.

Tsopano ndibwere kwa inu eni, chifukwa ndewu ya pamjigo ndi mwana wa ndewu yanu. Mzinda uno uli kumtunda kwa madzi ake omwe. Zonse zimene timataya zimatsika ndi Mukuvisi, Marimba ndi Nyatsime kukalowa mu Manyame ndi Chivero, kenaka timazipopa kubwera nazo kumipopi. Malo oyeretsera suweji a Firle ndi Crowborough adachepa kalekale, a ku Chitungwiza nawo chimodzimodzi. Ndiye chifukwa chake Chivero yadzaza namasupuni ndi ndere, ndipo Morton Jaffray imafuna mankhwala a mitundu yambiri, ogulidwa ndi ndalama zakunja, kuti madzi amenewo amweke. Mu September 2019 malowa adatsekedwa kwa kanthawi mankhwala atatha. Mu December 2024 zipembere zinayi ndi nyama zina zidafa zitamwa madzi a m'nyanjayi, ndipo usodzi udaletsedwa. Asodzi ndi amayi ogulitsa nsomba adataya chakudya chawo chifukwa cha suweji imene sadataye iwo, ndipo sindinamve kuti pali bwalo limene adakaimapo kufunsa kuti alipira ndani.

M'zaka zonsezi mwakhala mukulandana udindo m'malo mogawana. Mu 2005 madzi a Harare adaperekedwa ku ZINWA, mu 2009 adabwezedwa kukhonsolo, mapaipi ali omwewo, ongowonjezera ukalamba. Mu 2013, chisankho chitayandikira, boma lidalamula kuti ngongole za anthu kumakhonsolo zifufutidwe. Ambiri tidasangalala, koma amene ankalipira mokhulupirika adadziona opusa, ndipo kuyambira pamenepo kulipira kudalowa pansi. Ngongole ya madola 144 miliyoni ya ku China Exim Bank yokonzera Morton Jaffray idasiya mafunso amene mpaka lero anthu akufunsabe. Tsopano kwabwera nkhani ya mamita olipiriratu. Ine sindikana kulipira madzi amene ndamwa. Koma munthu wa dera limene mpopi wake udachita dzimbiri ali ndi ufulu wofunsa kuti mitayo idzawerenga chiyani, kuti wosauka adzapatsidwa malita angati asanatsekeredwe, ndiponso kuti akadandaula adzamumva ndani. Mafunso amenewa ayankhidwe mita isanamangidwe pakhomo.

Kwathu banja likavuta sitisiyira mwamuna ndi mkazi kuti azinyozana pamsewu. Pamakhala ankhoswa, odziwika kuyambira tsiku la ukwati, amene mbali zonse zidavomereza kuti zidzawamvera. Harare, Chitungwiza, Norton, Ruwa ndi Epworth ndi omangika pamodzi ndi mtsinje umodzi, koma alibe nkhoswa. Pempho langa lachiwiri ndi lakuti pakhale bwalo lokhazikika la matauni onsewa pamodzi ndi ZINWA, EMA, a zaumoyo, a mafakitale ndi mabungwe a anthu okhala mumzinda monga Combined Harare Residents Association ndi Harare Residents Trust, lokumana pa masiku odziwika, poyera, ndi mkhalapakati amene sadya kumbali iliyonse. Ligwirizane mvula isanathe kuti madamu akatsika kufika pakuti, tauni iliyonse idzalandira mlingo wakuti, zipatala ndi sukulu zidzayamba, ndipo wotayira zonyansa mumtsinje adzalipira zakuti. Pangano lochita madzi akadalipo limasungika. Lochita mu October, anthu atapsa kale mtima, limangokhala kukuwizana.

Simufunika kukwera ndege kuti mukaone mmene zimachitikira. Likulu la ZAMCOM, bungwe la maiko asanu ndi atatu a m'chigwa cha Zambezi, lili mu Harare momwemuno. Pangano lake lidasainidwa ku Kasane mu 2004, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo Malawi, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe ali momwemo. Mfundo zake ndi zomveka kwa aliyense: uzani anzanu zimene mukudziwa za madzi, wa kumtunda adziwitse wa kumunsi asanamange chinthu chachikulu, ndipo musagwiritse madzi mopweteka mnansi. Manyame yemweyu amakathira mu Zambezi ku Mozambique, kotero zonyansa zathu zili ndi eni ake ozilandira kutsidya kwa malire. Ku damu la Kariba, bungwe la Zambezi River Authority limalengeza chaka chilichonse madzi amene Zambia ndi Zimbabwe agwiritse popanga magetsi, n'kuwagawa pakati mofanana. Mu 2024, chilala cha El Niño chitakula mpaka boma kulengeza kuti dziko lili pa ngozi, magetsi adavuta kwambiri mbali zonse ziwiri, koma maiko awiriwo sadakangane, chifukwa mlingo udali wodziwika ndipo onse ankawerenga sikelo imodzi. Mapangano amenewa ali ndi zofooka zake, ndipo amayenda pang'onopang'ono. Komabe ngati maiko okhala ndi asilikali angathe kuonetsana mabuku a madzi, Harare ndi Chitungwiza alepherenji?

Abale athu a ku Lilongwe nawo ali ndi chotiphunzitsa. Kumeneko malo ogulitsira madzi m'madera a anthu osauka adali m'manja mwa anthu a ndale ndi makomiti osayankha kwa wina aliyense, ngongole zidachuluka, malo ambiri n'kutsekedwa. Lilongwe Water Board, mothandizana ndi bungwe lothandiza pa za madzi la WaterAid, idathandiza kukhazikitsa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, okhala ndi malamulo awo, ogulitsa olembedwa ntchito ndi mabuku owerengedwa. Ngongole zidayamba kubwezedwa, madzi adabwerera. Pali dandaulo limene anthu a kumeneko amanena, lakuti wogula pandowa amalipira zambiri pa lita kuposa wa mpopi wa m'nyumba, ndipo limenelo tisatengere. Koma mfundo yakuti otunga madzi akhale ndi bungwe lodziwika ndi lamulo, lotha kusaina pangano ndi eni mapaipi, ndi yomwe ndikupempha.

Chotsiriza ndi chosafuna ndalama: tiuzeni zoona za masiku a madzi. Bulawayo ili pouma kuposa ife, koma khonsolo ya kumeneko imatulutsa ndandanda ya masiku amene dera lililonse litsekeredwe, imalengeza mlingo wa madamu ake, ndipo ndandanda ikasintha imanena chifukwa. Kuno Mabvuku ndi Tafara zili pamtunda, kumapeto kwa mapaipi ochokera kumadzulo, choncho madzi akachepa ife ndiye oyamba kuuma ndi omaliza kulandira. Pali ana a sukulu amene sanaonepo madzi akutuluka pampopi wa kwawo. Ngati madzi ali ochepa, atsekedwe mosinthana kuti nafenso atifike, ndandanda imatidwe kuchipatala, kumsika ndi pamjigo, m'Chishona, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ndipo itumizidwe pa WhatsApp. Tsiku likalonjezedwa n'kulephereka, pakhale wotuluka kudzanena chimene chachitika.

Ndikupempha kuti msonkhano woyamba uchitike nyengo yotentha isanafike, m'holo ya kuno ku Mabvuku kapena ku Glen View, tsiku Loweruka kuti amayi ogulitsa pamsika ndi ogwira ntchito m'nyumba za anthu apezekepo. Abwere injiniya wodziwa mapaipi a dera lino, wa zaumoyo ali ndi zotsatira za kupima mijigo yathu, wa khonsolo ya Manyame ali ndi kaundula wa zilolezo, ndi khansala. Anyamata a mawilibala tidzawaitana ifeyo, poti nawonso akufuna kudya ndipo ayenera kumva malamulo akupangidwa. Tsiku mutiuze kudzera kwa khansala wa wadi, kukadali milungu iwiri, kuti tilengeze m'matchalitchi, kumzikiti ndi m'magulu a maliro.

Ine wanu,
Mayi wa ku Mabvuku, mlembi wa komiti ya pamjigo